Amama Dankha ndi Foni Yopanda Chingwe

Munthu sankalandira foni m'manja mwa mayi Rahab Ungweru ali chilili. Kaya ndi bwana, kaya ndi wosesa, ankayamba wakhala pansi. Mayiwo ankafika foniyo ataigwira ndi manja awiri, ngati akupereka madzi kwa mlendo, n'kuima pamaso pa munthuyo, n'kunena m'Chitumbuka chakwawo kuti, "Khalani pasi dankha." Kumeneko n'kunena kuti khalani pansi kaye. Mpando ukasowa, thumba la feteleza linkakwanira, kapena chigubu, kapena m'mphepete mwa khonde. Koma za kukhalazo panalibe kukambirana. Mawu amenewa anawapatsa dzina, moti pa ofesi ponse, mpaka kumsika wa pa boma la Rumphi, ankadziwika kuti Amama Dankha.

Amene anaziona zimenezi kwa nthawi yaitali kuposa onse ndi a Arthur Tenesi, mlonda wa masana pa geti. Kwawo kunali ku Ntcheu. Anabwera kumpoto kudzagwira ntchito ya msewu; msewu unatha, iwo anatsala. Kanyumba kawo ka ulonda kanayang'anana ndi zenera la mayi Rahab, ndipo poti sanali munthu wa nkhani, ntchito yambiri ankaigwira ndi maso.

Ofesiyo inali ya bungwe lina lothandiza alimi. Kutsogolo kunali nyumba yaitali ya zipinda zondondozana, kumbuyo shedi yosungiramo feteleza ndi mbewu, pambali pake galaja. Mayi Rahab ankakhala m'chipinda choyamba, cholandiriramo alendo, ndipo foni iliyonse yochokera kunja inkayamba yafika kwa iwo. Zaka zoyambirira foniyo inali ya chingwe. Wofunidwa akakhala wa ku shedi kapena ku galaja, kumene kunalibe foni, ankachita kumuyendera, kubwera naye, kumukhazika pa benchi, kenako n'kumupatsa. Kukuwa pa zenera ankakana. Ankati munthu si mbuzi.

Kenako bungwe linagula makina atsopano a mafoni. Amene anabwera kudzawalumikiza ndi bambo wina wa ku Mzuzu, dzina lake Caleb. Zipinda zonse anaziikira mafoni a pa tebulo, chilichonse ndi nambala yake. Koma atafika kwa mayi Rahab anatulutsa m'bokosi kafoni kakuda kopanda chingwe, kokhala ndi kampando kake kotchajira. Bokosilo anali atanyamula ndi a Tenesi kuchokera pa geti, ndipo poti palibe anawauza kuti azipita, anaima pakhomo n'kumaonerera.

"Amama, batani lobiriwirali ndi loyankhira, lofiirali ndi lodulira," anatero Caleb. "Mukafuna kupatsira munthu wa m'chipinda, mudina ili, kenako nambala ya chipinda chake. Ili la pakatili ndi lodikiritsa. Mukalidina, foni imalira kamodzi kuti tii, ndipo woimbayo amangomva kanyimbo. Iye samva za kuno, inunso simumumva."

"Kanyimbo kanji? Ka kutchalitchi?"

"Ayi, kopanda mawu. Tilipo tingapo, musankhe nokha."

Anamvetsera tonse, mutu atapendeketsa.

"Aka ayi, ndi ka ukwati. Akanso ayi. Wina amaimba foni ali ndi maliro pakamwa, ndiye inu mumuvinitse?"

Anasankha kozizira kuposa tonse, koyenda pang'onopang'ono.

Pamene anavutana ndi pa mayina. Caleb anawaonetsa kalowetsedwe kake: kudina menyu, kusankha polemba dzina, kulemba, kenako nambala ya munthuyo, kenako kusunga. Anawasiya kuti ayesere, iye n'kupita kukakoka mawaya. Pobwerera anapeza alowetsa onse, koma aliyense ali ndi ulemu wake kutsogolo: a Bwana, a Limbikani, a Stanley, a Willie.

"Amama, taonani, anthu onse aunjikana pa chilembo A. Mukafuna munthu muzivutika kumupeza. Tichotse ma A amenewa."

"Ndilembe dzina la bambo wa eni ake lili mbulanda? Adada, ine ndinaleredwa."

"Komatu iyi ndi foni, simva manyazi."

"Manyaziwo ndikumva ndine."

Caleb anaseka n'kuzisiya choncho. Asanapite anayesa kuti aone kumene foniyo imalekezera. Mayi Rahab anatuluka nayo ili pakhutu, iye akuyankhula ali mu ofesi. Pa shedi mawu anali bwinobwino, pa galaja bwinobwino. Atafika pa mtengo wa mango wa kumpanda mawu anayamba kuthetheka, kenako zii. Anabwerera nkhope ikuwala, akuthokoza m'Chitumbuka.

"Yewo chomene, adada. Tsopano sindizikokanso anthu. Ndiziwapeza komwe ali."

Amene ankalimbana nawo kwambiri anali Willie, dalaivala wa lole, wa ku Phwezi, munthu wosatha nthabwala. Akangowaona akutsika pakhonde ankakuwira anzake, "Thawani, anyamata, khoti likubwera!"

"Amama, ndili pa changu ine. Ingondipatsani."

"Khalani pasi dankha."

"Ndi ndani kodi? Ngati ndi a ku likulu aja, auzeni kuti ndafa."

"Mukafa mudzagona. Panopa khalani."

Willie ankakhala pa chigubu cha oyilo, manja atapinda ngati mwana wa sukulu, anzake ali chiseko. Koma kukhala ankakhala.

Chifukwa chake mayi Rahab sankauza anthu. A Tenesi anachimva kamodzi kokha, tsiku lina mvula itawatsekereza mayiwo m'kanyumba ka pa geti. Amuna awo ankalondera nyama za m'nkhalango ku Thazima, pa chipata cholowera ku Nyika. Anafa pa ngozi ya galimoto kumapiri kumeneko. Nthawiyo mayi Rahab anali mtsikana, ali ndi pakati pa mwana woyamba, akukhala kwa makolo awo ku Mwazisi. Wobweretsa uthenga anawapeza akuchokera kumadzi, ndowa ili pamutu. Anangonena ali pa njinga, phazi limodzi lili pansi. Iwo anagwa ndi ndowa yomwe. Mwamuna anaikidwa iwo ali m'chipatala, ndipo mwanayo sanamuone.

"Akanangoti tulani dankha," anatero mayiwo. "Basi."

A Tenesi anayang'ana mvula. Kenako anafunsa, "Nanga bwanji mumakhazika onse, ngakhale foni ili ya ntchito?"

"Adada, ndikamakhazika a maliro okha, ndiye kuti mpandowo wanena kale. Munthu azingondiona ndikubwera, mtima n'kuthawa. Akhale onse. Asadziwe kanthu mpaka thupi litapeza pokhala."

Mvula itakata anabwerera ku tebulo lawo. Nkhaniyo sanaikambenso. Kukwatiwa sanakwatiwenso, analera ana a mchimwene wawo, mpaka onse anakula n'kumwazikana.

Zaka zinapita. Mafoni a m'manja anadzaza, aliyense yake m'thumba, ndipo wina akanaganiza kuti ntchito ya kafoni kakuda kaja yatha. Za ntchito zinkabwerabe pa nambala ya ofesi. Koma za maliro nazonso sizinasiye. Achibale a anthu a pa ofesiyo, kumidzi uko, anali atamva za Amama Dankha. Zovuta zikagwa sankaimbira mwini wake. Ankaimba ku ofesi, n'kuuza mayiwo motsitsa mawu. Iwo ankadina lodikiritsa, kupukuta kumaso, kubweza kumwetulira kwa masiku onse, n'kunyamuka. Munthu akakhala pansi ankadinanso batanilo, kumupatsa foni, n'kutsala ataima pambali pake, dzanja lili pafupi ndi phewa. Ikakhala ya ntchito ankaimanso chimodzimodzi. A Tenesi ankayesa kuwerenga kayendedwe kawo kuti adziwe ngati atenga zabwino kapena zoipa. Sanathe ndi tsiku limodzi lomwe.

Makutu a mayi Rahab anayamba kugontha, kuyambira lakumanzere. Woyamba kuzindikira anali a Tenesi. M'mawa wina anapereka moni pa geti, mayiwo n'kudutsa osayankha, chinthu chimene sanachitepo. Kenako anaona kuti foni yasamukira kukhutu lakumanja. Kenako tsiku lina inalira mpaka kutopa, kulirako kukumveka mpaka pa geti, eni ake ali pomwepo akulemba. Italiranso a Tenesi anadzuka, anakaima pa zenera, n'kuvula chipewa. Mayiwo anakweza maso, anaona chipewa, anaona kanyali ka foni kakuphethira. Awiriwo anayang'anana. Kuyambira pamenepo foni ikalira, chipewa cha a Tenesi chinkakwera m'mwamba ku geti, ndipo mayi Rahab anatembenuza tebulo kuti geti lizioneka bwino.

Kuchipatala anapita. Anawatsuka m'makutu, anawapatsa mankhwala odonthezera, pomaliza anawauza kuti vuto lili mkati, sizidzabwerera mwakale. Za kachipangizo kovala m'khutu anati adikire. Kwa abwana awo sanaulule za makutuwo. Sikuti ankaopa kukhala pakhomo. Munda anali nawo ku Mwazisi. Ankaopa kuti akachoka pa tebulopo, mauthenga aja azingogwera anthu paliponse pamene aima.

Caleb atabweranso kudzaona makina, anamukokera pambali.

"Adada, ikwezeni mawu foniyi. Yakalamba."

Caleb, amene tsopano anali ndi imvi zakezake, anawayang'ana kaye, kenako analowa mu menyu. Anakweza kaliridwe, anakweza mawu a pakhutu.

"Apa ndiye pothera, amama. Kupitirira apa kulibe."

Anayesa. Mayiwo anapukusa mutu.

Caleb anasendera kufupi ndi khutu lakumanja. "Njira zilipo ziwiri. Ndikhoza kutchera makinawa kuti woimba azidina yekha nambala ya munthu amene akumufuna. Wa ku shedi kapena ku galaja izimupeza pa foni yake ya m'manja. Inu muzipumako."

"Izipita yokha? Nanga akakhala ali pa makwerero? Nanga akakhala akuyendetsa lole?"

"Ndiye ina ndi iyi." Anawaonetsa batani la sipika. "Mukadina ili mawu amatuluka aakulu ngati wailesi. Muzitseka chitseko, muziika pakhutu choncho. Koma musanatuluke muzidikiritsa kaye. Mukapanda kutero, bwalo lonse limva."

"Kudikiritsa ndiye sindinaiwalepo."

Caleb anaitchera kuti ikangoyankhidwa sipika izitseguka yokha. Anaonanso kuti mabatani afufutika ndipo ena alimba, nati aitanitsa foni ina, ikafika adzabwera nayo. Kwa miyezi ingapo zinayenda. A Tenesi ankaona chitseko chikutsekedwa, mutu wa mayiwo utawerama, foni itakanikizidwa pakhutu, kenako chitseko chikutseguka ndi manja awiri aja akutsogola.

Linali tsiku la mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo, alimi akudikira feteleza mvula isanagwe. Lole inaima pa shedi, antchito akuponya matumba, Willie ali pamwamba penipeni akuwasanja. Foni inalira, chipewa chinakwera. A Tenesi anaona mayi Rahab akutseka chitseko, akukwinya nkhope, akufunsa mobwereza. Pambuyo pake zinadziwika kuti pa mawu onsewo anatolapo dzina la Willie lokha, poti woimbayo anali pamsewu, mphepo ikuwomba. Ananena mwa masiku onse kuti, "Dikirani ndikawapeze." Anadina batani la pakati, n'kutuluka.

Batanilo silinalowe. Kale akanadziwa, poti ka tii kaja sikanalire. Koma ka tii kameneko anali atasiya kukamva kalekale.

Woimbayo anali Hezron, mlamu wake wa Willie. Posamva kanyimbo anayesa kuti mayiwo akumvetserabe, ndipo anapitiriza, akukweza mawu chifukwa cha mphepo. Mayi Rahab anatsika pakhonde, foni ili m'manja awiri patsogolo pa chifuwa.

"Alo, amama? Mukundimva? Ndikuti mumukhazike bwino mlamu wangayo. Mwana uja watisiya. Lusungu watisiya, tisanafike n'kuchipatala komwe."

A Tenesi anamva ali pa geti. Anadzuka, anakuwa, "Mayi! Mayi Rahab!" Anakweza chipewa, koma mayiwo anali atawafulatira. Anathamanga monga mmene miyendo yaukalamba inkalolera. Bwalolo silinali lalikulu, koma tsiku limenelo linatalika.

"Malungo aja anakwera m'mutu. Amama, mulipo? Ndikunena Lusungu, mwana wa Willie, wachisamba uja."

Antchito anasiya matumba. Wina anatsala thumba lili paphewa. Pamwamba pa lole Willie anaima njo, chingwe chili m'manja. Mayi Rahab anafika pansi pa loleyo, anayang'ana m'mwamba, akumwetulira.

"A Willie, tsikani. Khalani pasi dankha."

Palibe anaseka. Foni inatchulanso dzina la mwanayo. Willie anataya chingwe chija. Anapendekera kumbali, ndipo akanagwera pa simenti pakanapanda mnzake amene anamugwira lamba. Anamutsitsa anzake, iye ali lende.

Mayi Rahab anayang'ana nkhope za anthu, ina ndi ina. Kumwetulira kunatsala pakamwa kanthawi, kusowa kolowera. Kenako anayang'ana pa kagalasi ka foni, naiika pakhutu. A Tenesi anafika pamenepo ali wefuwefu, ndipo anaona mayiwo akumva tsopano zimene bwalo lonse linali litamva kale. Anawalanda foniyo mofatsa, n'kuuza Hezron kuti uthenga wafika.

Kumaliro ku Phwezi ofesi yonse inapita. Mayi Rahab anakhala m'siwa pamodzi ndi amayi anzawo, mutu uli pansi. Kumene kunakhala Willie sanayandikireko. Atabwerako analowa kwa abwana n'kunena zonse okha. Abwanawo, mayi wa ku Zomba wofika posachedwa, anachita kulemba pa pepala kuti palibe amene akuwaimba mlandu, ndipo ntchito ina ilipo, yosanja mafayilo. Mayi Rahab anathokoza n'kukana. Anati atha mweziwo, aphunzitse wolowa m'malo, azipita kumudzi.

Wolowa m'maloyo anali Stephanie, mayi wa ana awiri wochokera m'chipinda cha makalata. Foni yatsopano inafika sabata yomweyo, mabatani ake ofewa, ndipo Caleb anaitchera mwa nthawi zonse, yopanda sipika. Menyu Stephanie sanavutike nayo. Mayi Rahab anamuonetsa mtengo wa mango pamene mawu amathera, anamuonetsa kagwiridwe, anamuuza za kukhazika anthu. Stephanie anamvetsera ndi mtima wonse. Koma abwana anali atagwirizana kale ndi Caleb kuti mwezi ukatha makina atcheredwe mwa njira yoyamba ija, woimba azidina yekha nambala, poti pa tebulopo sipazikhala munthu tsiku lonse. Mayi Rahab anadziwa. Anaphunzitsabe.

Madzulo ena akutuluka pa geti, a Tenesi anawauza kuti, "Lolakwa linali batani, mayi." Ananena ndi mawu awo a masiku onse, otsika. Mayiwo anangogwedeza mutu ngati alandira moni, n'kupitirira. A Tenesi anafuna kubwereza mokuwa, koma mawu otero si okuwa pamsewu. Anawayang'ana mpaka atakhota.

Willie anabwerera ku ntchito atawonda, nthabwala zitamuthera. Foni za ku shedi tsopano ankapititsa ndi Stephanie, chifukwa mayi Rahab sankatsikanso pakhonde. M'mawa wina Willie ndi mayi Rahab anakumana pa geti. Willie anati, "Mwauka uli, amama?" Iwo maso anali pansi, sanamve, anadutsa. A Tenesi anaona Willie atatsala chilili, anaonanso msana wa mayiwo, wowerama ngati wa munthu amene akudziwa kuti salonjeredwanso.

"Sanakumve," anatero a Tenesi.

"Ndikudziwa, madala," anayankha Willie, n'kupita ku galaja.

Tsiku lomaliza la mayi Rahab pa ntchito linali Lachisanu. Masana Stephanie anapita kumsika kukagula zakumwa za mwambo wotsanzikana. Ali komweko foni inalira. A Tenesi anazengereza, kenako anakweza chipewa. Mayi Rahab anaiyang'ana foniyo ikuphethira pa kampando kake. Anainyamula. Anaikanikiza pakhutu, anatseka maso, anafunsa, anafunsanso. Kenako anadina batani la pakati, n'kuyang'anitsitsa pa kagalasi nthawi yaitali. Sanalunjike ku galaja. Anabwera kaye ku geti, n'kuwaikira a Tenesi foniyo pakhutu.

"Adada, yakhala chete?"

A Tenesi anamvetsera. Munalibe mawu. Anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndi ya a Willie," anatero mayiwo. "Zina sindinamve."

Zaka zonsezo ankayenda akudziwa chimene atenga, anthu osadziwa. Tsopano iwonso sankadziwa. Anadutsa bwalo pang'onopang'ono, manja awiri ali patsogolo. Kumwetulira anayesa, sikunabwere. A Tenesi anasiya geti n'kutsatira chapatali.

Willie anali pa galaja akutsuka lole. Atawaona anatseka mpopi, napukuta manja pa ovolosi. Mayi Rahab anaima pamaso pake.

"A Willie, khalani pasi dankha."

Mawuwo anatuluka okwera kwambiri, monga amayankhulira munthu amene sakudzimva. Willie anayang'ana uku ndi uku. Panalibe pokhala, ponse panali madzi a sopo. Anakhala pansi pomwepo, pamatope, miyendo atatambasula. Mayiwo anadina batani, anamupatsa foni, n'kuima pambali pake, dzanja lili pafupi ndi phewa, maso ali pakamwa pake.

"Eya," ankatero Willie. "Eya. Onse? Chabwino. Lolemba."

Anadula, nayang'ana m'mwamba.

"Ndi za matayala, amama. Afika ku Mzuzu."

Mayiwo anaweramira pansi, nkhope ikufunsa. Willie anabwereza mokweza. Sizinathandize. Ndiye anatambasula dzanja ali chikhalire, namenya tayala la lole kangapo, phaphapha.

"Matayala, amama! Matayala basi!"

Mayi Rahab anayang'ana tayala, anayang'ana Willie. Anapuma mpweya wautali. Dzanja lija linatsika n'kukhala pa phewa lake kanthawi.

"Yewo, amama," anatero Willie, motsitsa.

Ngati anamva, a Tenesi sakudziwa. Anangoona mayiwo akulandira foniyo ndi manja awiri, akuipukuta thovu la sopo ndi nsonga ya chitenje, n'kubwerera nayo ku ofesi, Willie akadali pamatope.